Ndakatulo ija ya msangu: bwanji pa odiyo inatigwira mtima koma italembedwa ikuoneka ngati mawu wamba?

Odiyo ija mwina nanunso yakufikani, yazungulira m'magulu a WhatsApp kuchokera ku Ulongwe m'chigawo chathu cha Tete mpaka kwa abale athu ali ku Moatize ndi ku Beira, amayi ena aphunzitsi opuma ntchito akulakatula za msangu, makala ndi mtsinje wa Revubue, mphindi zitatu zokha koma anthu akhala akutumizirana sabata yonse. Ine ndinalipo tsikulo, munali m'kalasi mabenchi atakankhidwira kukhoma, ndipo atamaliza panadutsa kanthawi anthu ali duu, manja kuiwala kuomba. Nde msuweni wanga wa ku Furancungo mamega a intaneti anali atamuthera, anapempha kuti wina angomulembera mawuwo, mnyamata wina anadzipereka nkulemba zonse bwinobwino. Yankho la msuweni linali lakuti "ndi zimenezi basi? nde mumalira chani kumeneko?"

Mkangano unayambira pomwepo. Ena akuti ndakatulo yeniyeni ndi imene yalembedwa, ngati papepala ilibe mphamvu ndiye kuti amayiwo anangotinyenga ndi mawu awo okoma. Ena akuti ayi, ndakatulo ndi ya pakamwa, pepala ndi chikumbutso chabe. Ine sindiweruza mlanduwu, ndingofuna tione chimene chimachitika m'khutu ndi m'thupi munthu akamalakatula pamaso pathu, makamaka m'chilankhulo chathuchi, chifukwa pali zinthu zimene akatswiri a zilankhulo anazifufuza kale koma sizifika kwa ife.

Ndakatulo ya chilengedwe nchiyani kwenikweni

Ndi ndakatulo imene mtengo, mvula, mbalame, phiri kapena mtsinje zili pakati penipeni pa nkhani, osati zokongoletsa chabe. Nthawi zambiri imakamba ziwiri pakamodzi, chinthucho ndi munthu amene akuchiyang'ana. Ku Japan ali ndi ka ndakatulo kakafupi kotchedwa haiku, ka maphatikizo 17 ogawidwa 5, 7, 5, ndipo mwambo wake umafuna kuti mukhale liwu limodzi losonyeza nyengo ya pachaka. Ife lamulo lotere sitinalilembe koma mawu oterowo tili nawo ambiri, munthu akangoti chizimalupsa tonse tanunkhiza kale fungo la dothi lonyowa pa tchire lopsa, akati ngumbi tadziwa kuti mvula yayamba, akati mwera tayamba kufuna juzi. Olo chiperoni chija chimatizizira mu Juni ndi Julaye dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Zambézia konkuno ku Mozambique.

Komanso si zachilendo ayi. Nyimbo za pamtondo, nyimbo zopempha mvula, zilapi, zithokozo za Angoni a kwa Maseko kuzungulira phiri la Domwe, nyimbo za Gule Wamkulu amene UNESCO inamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia, zonsezi zadzaza nyama ndi mitengo ndipo palibe imene inabadwira papepala. Chatsopano ndi chakuti munthu m'modzi amakhala pansi nkulemba yekha, kenako nkudzaima kutsogolo kwa gulu nkuwerenga. Msonkhano woterewu pa Chipwitikizi amati sarau, ife timangoti sarawu, ndipo wathu uja unachitika pa 21 Malichi, tsiku limene UNESCO inalisankha mu 1999 kukhala la ndakatulo padziko lonse. Tsiku lomwelo bungwe la United Nations linalipatsanso nkhalango mu 2012, nchifukwa chake okonza anapempha kuti olakatula akambe za mitengo.

Mtengo wagwa, mtengo wakwera

Tiyambe ndi mzere umene unaseketsa anthu kenako nkuwatontholetsa. Amayi aja anati "mtengo wagwa, mtengo wakwera." Mukauona chonchi polemba ukuoneka ngati munthu akudzitsutsa yekha, kapena akukamba za msika wa mbatatesi wa ku Tsangano kuti dzulo zinatchipa lero zadula. Koma m'kalasi muja palibe anasokonezeka, woyambayo anali mtengo wa kutchire, wachiwiriyo mtengo wa thumba la makala. Tinadziwa bwanji poti malembo ndi omwewo?

Chichewa, kapena Chinyanja monga chimalembedwera m'mabuku a boma kuno, ndi chilankhulo chimene kukwera ndi kutsika kwa liwu kumasintha tanthauzo. Akatswiri pa Chipwitikizi amati tom, ife tingoti kamvekedwe. Tayesani nokha panopa, nenani mtengo wa mango kenako mtengo wa sopo, mumva kuti pa woyambayo liwu likukwera pa "te" pomwe wachiwiriyo akungoyenda pansi. Chimodzimodzi khungu la pathupi ndi khungu la maso. Ndipo sizithera pa mayina, aneni athunso amasintha nthawi ndi kamvekedwe kokha, "ndinapita" akhoza kukhala wa kale kapena wa lero lomwe kutengera pamene liwu lakwera. Chipwitikizi sichitero, chimadalira kutsindika phatikizo limodzi, ndipo pena pake chimaika kachizindikiro pamwamba kuti owerenga asasochere. Ife kalembedwe kathu ka tsiku ndi tsiku sikalemba kamvekedwe nkomwe.

Nde taganizani, zili ngati munthu wakulemberani mawu a nyimbo ya kwaya koma osakuuzani chuni chake. Mukaidziwa kale nyimboyo muimba, ngati simuidziwa mungowerenga ngati kalata. Tikamawerenga chamumtima ubongo umayesa kubwezeretsa kamvekedweko, koma umachita izi mongoganizira, ndipo pamzere ngati wa makala uja umafunika ubwerere kawiri kuti ugwire. Pofika apo nthabwala yazizira kale. Khutu siliganizira, limangolandira zophikaphika.

Kukoka ndi kupuma

Chinthu chachiwiri nchakuti tikafika kumapeto kwa chiganizo kapena popumira, timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Sitizindikira chifukwa tinayamwira, koma mvetserani agogo akamati "kwagwa mvuula", "tafika m'dziinja". Polemba timangoika u m'modzi ndi i m'modzi. Tsono mlakatuli akasankha pothera mzere, wasankhanso liwu limene likokedwe, ndipo akalikoka mopitirira pang'ono ndi pamene mtima wa omvera umatsamira. Amayi aja ndime yoyamba anaiyala motere:

Msangu wavula m'dzinja,
anzake onse atavala.
Pansi pake chimanga biriwiri,
mwini munda chete.

Pa "wavula" anadutsa msanga, pa "m'dzinja" anakoka, pa "chete" anatsitsa mawu mpaka kutsala mpweya wokha, kenako anaima. Kuimako papepala ndi kadontho kamodzi, kofanana ndi kadontho kalikonse ka pa lisiti ya kugolosale. M'kalasi muja kunali masekondi angapo oti tinamva njinga yamoto ikudutsa kumsewu ndi mwana akuyamwa kumbuyo.

Apa mpamenenso ambiri amene tinaphunzira ndakatulo pa Chipwitikizi timasokonezeka. Kusukulu anatiphunzitsa rima, kutanthauza mizere yothera mofanana, anatiwerengetsa maphatikizo khumi a mumzere wa soneto ya mizere 14, nde timafika pa ndakatulo ya Chichewa tikusaka zomwezo ndipo tikazisowa timati iyi si ndakatulo. Koma Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, mawu athu amathera ndi vawelo, aneni ochuluka amathera ndi a. Rima kwa ife njotchipa ngati mango a mu Disembala, aliyense akhoza kutola, yenda, lima, gona, lira, basi wapanga. Kukoma kwathu kuli kutsogolo kwa mawu, mu mgwirizano wa magulu a mayina. Tamvani "kambalame kakang'ono kakuda kakulira kutsidya", ka ka ka ameneyo ndi ng'oma kale, kapena "chimtsinje chija chadzaza chakokolola", cha cha cha ngati madzi akumenya mwala. Maso amadumpha timaphatikizo timeneti chifukwa amati ndi galamala chabe, khutu ndi limene limavina nato.

Zii, phwa, biriwiri

Chachitatu ndi chimene ine ndimachikonda kwambiri, mvekero. Awa ndi mawu aja amene safotokoza chinthu koma amachionetsa, mbee, bii, psuu, zii, gwa, phwa, waa, nyezinyezi, balalabalala. Aphunzitsi a Chipwitikizi akhoza kuwatcha onomatopeia, mawu otsanzira phokoso, koma dzinalo ndi laling'ono, chifukwa biriwiri satsanzira phokoso lililonse, msipu sulira. Mbee ndi kuyera, zii ndi kusowa kwa phokoso kapena kusakoma kwa ndiwo zopanda mchere. Akatswiri amawatcha ideofone ndipo zilankhulo za Bantu zili nawo ochuluka zedi, pomwe zilankhulo za ku Ulaya zili nawo ochepa.

Vuto la mvekero nlakuti samvera malamulo a kalembedwe. Zii wa masekondi awiri ndi zii wa theka la sekondi ndi zinthu ziwiri zosiyana, woyamba ndi mudzi wa maliro wachiwiri ndi tiyi wopanda shuga. Mulemba ma i angati? Ndipo nthawi zambiri mvekero umabwera ndi dzanja, ndi nkhope, munthu akati "madzi anangoti waa" mkono umasesa mpweya osauzidwa. Apa ndiye ngakhale odiyo imaperewera, amene anamva pafoni anapeza liwu koma sanaone dzanja la amayi aja likutsika pang'onopang'ono pamene ankati:

Revubue wadzaza usiku,
m'mawa mlatho palibe.
Tsidya ili anthu, tsidya ilo anthu,
pakati madzi okha, zii.

Ndinayang'ana bambo wina amene anakhala pafupi nane, woyendetsa shapa, minibasi zathu zija, anali atagwira pakamwa.

Tsemwe limachokera kuti

Ena pagulu paja analemba kuti thupi linachita tsemwe, ena nkumawaseka kuti akukokomeza. Sakukokomeza. Mu 2017 ofufuza a ku Max Planck Institute ku Frankfurt, Germany, motsogozedwa ndi Eugen Wassiliwizky, anafalitsa zimene anapeza atamvetsera anthu ndakatulo zolakatulidwa kwinaku akuyeza kugunda kwa mtima, khungu ndi nkhope, mpaka kujambula ubweya wa pamkono ndi kamera. Anapeza kuti ndakatulo imadzutsadi tsemwe monga imachitira nyimbo, ndipo chosangalatsa nchakuti tsemwelo limakonda kubwera kumapeto, kwa mzere, kwa ndime, makamaka kwa ndakatulo yonse. Anaonanso kuti thupi limayamba kukonzeka tsemwelo lisanafike, ngati likudziwa kuti kutsogoloku kuli chinthu.

Ndakatulo zimene anagwiritsa ntchito zinali za Chijeremani, koma nzeru yake tikuidziwa tonse kuchokera kubwalo la gule. Ng'oma ikamayenda mofanana thupi limayamba kuwerengera lokha pamene kugunda kotsatira kugwere, nde woimba akachedwetsa pang'ono kapena kudula mwadzidzidzi, m'mimba mumachita kuti myuu. Mlakatuli amachita zomwezo ndi chibwereza, abwereza kawiri kuti muzolowere, kachitatu asintha. Ndipo mfundo yaikulu ndi iyi, pomvetsera nthawi siili m'manja mwanu. Powerenga maso amathamanga, amasuzumira mzere wotsiriza musanafike, foni ikalira mumasiya nkudzabwerera. Pomvetsera mwakwera shapa ya eni ake, muima pamene dalaivala waima. Kudikira kumeneko, kosadziwa kuti liwu lotsatira nlotani, nkumene kumakonza thupi.

Onjezani anthu. Ife tinakulira pa "padangokhala" ndi "tili tonse", nthano siyenda popanda ovomera, nde ngakhale pa sarawu pamene palibe watiuza kuti tivomere mumamva "mmm", "eee", "zoona amayi", wina nthungululu yaifupi. Mlakatuli amamva zimenezo ndipo amasintha liwiro, akaona kuti mzere wagwira amaupatsa mpata. Ndiye kuti ndakatulo ya tsiku limenelo inapangidwa ndi onse anali m'chipindamo, akakailakatula mawa ku Zobue idzatuluka ina ngakhale mawu ali omwewo.

Womvera amabwera ndi munda wake

Pa ndakatulo za chilengedwe pali chinanso chapadera. Mlakatuli sanyamula mtengo kubwera nawo m'kalasi, amangotchula dzina, chithunzicho chimachokera mwa inu. Mzere wa msangu uja umagwira munthu amene akudziwa kuti mtengo umenewu ndi wosemphana ndi inzake, umayoyola masamba nthawi ya mvula nkuphukira m'chilimwe, nchifukwa chake suphimba mbewu ndipo masamba ake amanenepetsa nthaka, chimanga cha pansi pake chimasiyana ndi cha pambali. Mlimi akamva "wavula m'dzinja anzake onse atavala" amaona zonsezi nthawi imodzi, komanso amamva za munthu uja wa m'banja amene amadzimana kuti ena adye, osatchulidwa dzina. Amayi aja sananene kuti msangu ndi ndani. Aliyense anaikapo wake, ine ndinaikapo malemu azakhali anga.

Za mlatho nazo, palibe wa m'chigawo chino amene amafuna kumuuza. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzazitsa Revubue mpaka mlatho wolumikiza Tete ndi Moatize unaduka, ndipo madzi ambiri a mtsinjewo amatsika kuchokera kumapiri a kwathu konkuno. Amene anagona tsidya lina osafika kwawo, zii uja amamudziwa m'mafupa. Munthu wa ku Maputo akhoza kumva Chichewa chonse bwinobwino koma zii wakeyo adzakhala wobwereka.

Ndipo chigawo chathu chomwechi chili ndi maiko awiri. Kumtunda ku Angonia ndi Tsangano ndi kozizira, nkhungu m'mawa, mbatatesi, mapichesi, tirigu. Mukatsikira ku Tete mumzinda ndi Changara ndi malambe, masawu, mbuzi, dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala lopitirira madigiri 40. Mlakatuli wa ku Domwe akati "dzuwa latuluka" akunena chisomo, wa m'mbali mwa Zambezi akanena mawu omwewo akudandaula. Papepala nzofanana, pakamwa mumamva nokha kuti uyu akuthokoza uyu akubuula.

Nanga a pepala akulakwa?

Ayi, nawonso ali ndi mfundo zolimba ndipo tiyenera kuzinena. Liwu likhoza kunamiza. Tonse tikukumbukira dekilamasawu ya kusukulu pa 25 Juni, tsiku la ufulu, kapena 3 Febuluwale, tsiku la ngwazi, mwana ataima njoo, dzanja m'mwamba, mzere uliwonse kukuwa mofanana ngati akuitana ng'ombe kudambo, anthu nkuomba m'manja osamva olo liwu limodzi. Kalankhulidwe kameneko kali ndi malo ake, ndakatulo za nkhondo ya ufulu zinalembedwa kuti zidzutse anthu ndipo zimafuna chifuwa. Koma munthu waluso pa kukuwa akhoza kukuwerengerani mndandanda wa zogula kumsika inu nkuchita tsemwe. Pepala silichita manyazi, limaonetsa poyera ngati mzere uli wopanda kanthu, ngati mlakatuli wangodzaza "chilengedwe chokongola, mitengo yobiriwira, mbalame zoimba" osatchula kuti mbalame yake ndi pumbwa kapena njiwa kapena nantchengwa.

Pepala limakulolaninso kubwerera. Ine mzere wa "mwini munda chete" ndinaumvetsa bwino nditauwerenga kachitatu pa zimene analemba mnyamata uja, mpamene ndinaona kuti chete ameneyo akhoza kukhala wa kukhutira kapena wa munthu amene sathokoza. M'kalasi ndinangomva kumodzi, kumene amayiwo anasankha ndi liwu lawo. Ndiye liwu limapatsa komanso limatseka zitseko zina. Ndipo pepala limakhala, odiyo foni ikagwera m'madzi yapita.

Komano a pakamwa nawo ali ndi yankho lina limene silikhudza luso nkomwe, likukhudza mbiri yathu. Ambiri a ife tinaphunzira kuwerenga m'Chipwitikizi, chilankhulo cha kunyumba sitinachione pabolodi. Kuyesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri kunayamba ndi pulojekiti ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, Chinyanja kuno ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo boma linayamba kukulitsa maphunzirowa mu 2003, koma si sukulu zonse. Nchifukwa chake pa WhatsApp wina amalemba nyumba wina nhumba, wina ntchito wina ntxito, mabuku a kuno amalemba Cinyanja ndi c yekha pomwe a ku Malawi amaika ch. Munthu amene akulimbana ndi malembo kuti atulutse liwu alibe mpata womva kukoma kwa mzere, ali ngati woyenda usiku m'njira ya miyala, maso ali pansi. Msuweni wanga uja Chichewa amachilankhula kuposa ine, miyambi ili m'kamwa, koma kuwerenga amathamanga pa Chipwitikizi. Sikuti ndakatuloyo inamukana, inangomufikira pa khomo limene sakonda kulowera.

Chifukwa chake nkhaniyi si yamasewera

Pali mawu amene akutha limodzi ndi zinthu zake. Mitengo ikupita ku makala, ku zigafa za fodya, ku minda yatsopano, ndipo mwana wokulira m'bayiro ku Tete akhoza kufika sekondale osaonapo muwanga kapena mlombwa uli chiimire, osadziwa kuti nthudza ndi matowo zimadyedwa. Dzina la mtengo likangokhala m'buku lokha mwanayo alitchula molakwika kamvekedwe ndipo palibe womukonza. Akalimva pakamwa pa munthu wamkulu, ndi kukoka kwake, ndi nkhope imene imatsagana nalo, amatenga dzinalo pamodzi ndi ulemu wake. Tsiku lija kamtsikana kena kanafunsa mokweza kuti "msangu ndi uti?" ndipo agogo ena anakalozera pawindo, unalipo umodzi kuseri kwa bwalo la mpira, uli mbulanda pakati pa mitengo yovala, mu Malichi momwemo.

Kwa amene mukufuna kuyesa nokha kuti muone mbali imene muli, tengani mawu analembedwa aja, muwawerenge chamumtima kamodzi, kenako muwawerenge mokweza muli nokha kuseri kwa nyumba, kenako mupemphe amayi anu kapena amalume akuwerengereni inu mutatsinzina. Mukamajambula olakatula pafoni yandikirani, musaime pafupi ndi sipika chifukwa imaphwanya mawu ang'onoang'ono aja, ndipo musadule odiyo msanga akangomaliza, siyani masekondi angapo a pambuyo pake alowe. Ndipo pemphani kaye chilolezo kwa mwini ndakatulo musanamwaze, amayi aja anadabwa kumva kuti mawu awo afika ku Beira iwo asakudziwa.

Msuweni wanga ndinamutumizira mamega Lachisanu. Wamvera, ndipo wayankha ndi odiyo yakeyake ya mphindi zisanu, akuti ndime ya mlatho ija yamugwira koma ya msangu akuumirirabe kuti amayiwo akanatchulako minga, poti iye msangu amaudziwa ndi kuphazi.